Chotupa pa Khosi la Gwenno

Mvula ya kuno ku Wales siisankha tsiku, koma ya m'mawa uja inachita dala. Mayi Pugh, adokotala a ziweto, anabweranso kudzaona makosi a ng'ombe zathu, pamene anameta n'kubayapo poyeza TB. Lamulo lake tonse timalidziwa. Pakatupa kwambiri, ng'ombeyo ikaphedwe basi, kulira kwako n'kwako.

Yoyamba kulowa m'kampata kachitsulo inali Gwenno, ya mtundu umene malemu bambo anga anauweta moyo wawo wonse. Inali ndi bere. Mayi Pugh anatsina khosi ndi kachitsulo koyezera, anayezanso, kenako anandiyang'ana.

"Pepa, Nerys. Chatupa."

"Sizingatheke!" anatero Emyr, mwamuna wanga, atagwira chipata. "Imeneyi siingadwale. Ndinaiteteza ndekha."

"Unaiteteza bwanji, iwe?"

Mwamuna wangayu ndi wa mtima wa dzira. Alimi anzathu akamati ziuli ziphedwe chifukwa zimapatsira ng'ombe TB, iye amapita ndi gulu lotchera misampha, n'kumazibaya katemera, n'kuzimasula. Ine ndimam'konzera masangweji, n'kumamuikira kumbuyo anthu akamamuseka kumsika. Kodi ndinkadziwa kuti mabotolo otsala ankabwera nawo kunyumba m'thumba la jekete?

"Ndi tizilombo tofooketsedwa, Nerys," anatero uku akuchita chibwibwi. "Sitidwalitsa. Timangophunzitsa thupi kumenya nkhondo."

"Laphunziradi," anatero Mayi Pugh, nkhope ili gwa. "N'chifukwa chake chatupa. Thupi likadziwa tizilomboti, limayankha chimodzimodzi, kaya linatiphunzira kwa katemera, kaya kwa matenda enieniwo. Kachitsulo kanga sikasiyanitsa. Mukuganiza kuti ng'ombe amaletsa kuzibaya katemerayu chifukwa chiyani, a Emyr?"

"Ndiye lembani kuti ndi katemera! Ndikuvomera, andipatse chilango."

"Chilango mulandira ndithu. Koma yatupa ndi yatupa. Ipita."

Ndinakwiya, ndikunena zoona. Zaka zonsezi ndatchinga nkhokwe za chakudya cha ng'ombe, ndakweza zomwera madzi kuti ziuli zisafikire, ndakana kugula ngakhale kamwana ka ng'ombe kwina, kuopa matendawa. Matenda sanalowe. Chinalowa n'chifundo cha mwamuna wanga.

"Osauza munthu bwanji, Emyr? Pakamwa panatupa?"

"Ukanakana."

"Eya, ndikanakana! Ndili ndi mutu ine! Dokotala wa ziuli iwe, wachita kundiphera ng'ombe ya bambo anga ndi manja ako, uku ukumwetulira patebulo, n'kumadya mphodza zanga!"

Gwenno inkangobzikula, osadziwa kanthu. Mayi Pugh anaiboola khutu n'kuika chizindikiro cha zokaphedwa. Kumbuyo kwake ng'ombe zina zinali zitafola, zikukankhana m'matope, ndipo pafupi penipeni panali ana ake aakazi ndi adzukulu ake, mtundu wonse wa bambo.

Apa m'pamene ndinaona kuti Emyr sakuyang'ana Gwenno ayi. Akuyang'ana mzerewo.

"Emyr. Unabaya Gwenno yokha, eti?"



"Katemerayo anali wochepa," anatero chapansipansi. "Sakanakwanira khola lonse. Ndiye ndinasankha zimene umazikonda."

Mayi Pugh anapukuta kachitsulo kawo pa malaya.

"Tsegula chipata, Nerys. Ibwere yotsatira."