Nsapato za Paukwati Zakana Kulowa

Nsapato zakuda zija, zimene a Kondakitala anavinira pa ukwati wawo zaka makumi atatu zapitazo, zinakana kulowa. Kunali kutatsala miyezi iwiri kuti mwana wawo wamkazi akwatiwe, ndipo iwo anali atalumbira kuti akavinira zomwezo. Anakankha, anatukwana, koma mapazi anali atatupa ngati buledi.

Anapita nazo kwa mnzawo wakalekale, wosoka nsapato wa pakhonde la sitolo.

"Achimwene, tazikulitsaniko. Paja zidendenezi munaika ndinu, masiku amene ndinkadumpha m'basi ikuyenda."

"Ee, muli kamnyamata kowonda, tsitsi lili bii!" anaseka wosokayo. Koma ataona mapaziwo, kuseka kunatha. Anawadina pamwendo ndi chala, ndipo panatsala kadzenje. "Mankhwala a BP aja mukumwa?"

"Ndimamwa mutu ukandipweteka. Munthu ali bwinobwino amwerenji mapilitsi?"

"Malemu mkazi wanga ankateronso. Ine kupusa, ndinamukulitsira nsapato kawiri, osadziwa kuti impso zikutha. Lero ndimadya ndekha, ndipo zimandiwawa. Izi sindizikhudza mpaka mukayezetse."

A Kondakitala anachita mantha, osanama. M'mawa mwake anapita kuchipatala, kumene namwino anawayeza BP, magazi ndi mkodzo.

"Bambo, impso zimasefa magazi kudzera m'timitsempha ting'onoting'ono," anatero namwinoyo. "BP ikakhala yokwera zaka ndi zaka, timitsemphato timawonongeka, madzi n'kumatsalira m'thupi. Nthawi zambiri munthu samva kupweteka kulikonse. Zanuzi zayamba kufooka. Zowonongekazo sizibwerera, koma tikasamala, zotsalazi zikusungani. Mankhwala tsiku lililonse, mchere pang'ono, ndipo muzibwera kudzayezetsa."

Kunyumba akazi awo anabisa mchere, n'kuika mapilitsi pafupi ndi kapu ya tiyi. Abambo ankadandaula kuti ndiwo sizikukoma.

"Dandaulani muli moyo," ankayankha amayi.

Kutupa kunachepa pang'onopang'ono. Tsiku la ukwati nsapato zinalowa bwinobwino, zosakulitsa. Kudumpha kwa kale kuja kunalibe, koma anavina ndi akazi awo mpaka nyimbo kutha. Kenako anapita pamene panakhala wosoka nsapato, namugwira dzanja. Onse awiri misozi inali ikulengeza.

BP yosasamalidwa imawononga impso mwakachetechete. Musadikire mutu kupweteka. Imwani mankhwala tsiku lililonse, chepetsani mchere, ndipo mapazi akatupa pitani kuchipatala, osati kokulitsa nsapato.