Zigamba za Dothi Pansi pa Mitengo ya Bechi

"Mtanda uja sunauteme mozama," anatero Skaidrite kwa mwana wake Modris, osachotsa maso pawindo. "N'chifukwa chake bambo ako akubwerera."

Modris anaika kapu pansi. Ndiye anatema mtandawo pa mtengo wa paini wa m'njira ya kumanda, tsiku loika bambo ake, Visvaldis, kuti mzimu ukafika pamenepo usapitirire kunyumba.

"Ndinatema mpaka mpeni unapindika, amayi."

"Nanga akulima ndani kunkhalango?"

Gundega, mlongo wake wa Modris, ndiye anayamba kuona zigamba za dothizo. Kuseri kwa khola, kumene Visvaldis anagwetsa mitengo ya bechi, ya makungwa oyera, chaka chatha asanadwale, chipale chofewa chinayamba kusungunuka, ndipo m'mawa uliwonse pankaoneka zigamba zatsopano za dothi lakuda, ndere zitapalidwa bwinobwino. Zitsa nazo zinkatuluka madzi ofiirira ngati zilonda. Pakati pa chipululucho panaima mitengo ingapo yoyera imene malemuwo anaisiya dala kuti idzagwetse mbewu.

"Mawa ndikuigwetsa," anatero Modris. "Thalakitala ilime, tidzale mbande za ku nazale m'mizere. Zimakula msanga, zowongoka, a fakitale amazikonda. Ndikabwerera ku Ireland nkhani itatha."

"Bambo ako ankati mtengo wodzifesa wokha umakulira mothithikana, nthambi zimayoyoka zikadali zazing'ono, thabwa lake silikhala ndi mfundo."

"Ankatinso mankhwala a ng'ombe amachiza msana."

Gundega anaseka, kenako anadzigwira pakamwa.

"Seka, dona wa ku Riga," anatero Modris. "Mbewu zikamera zimabwera ngati ubweya wa galu. Zaka ndi zaka munthu ali wewe ndi chikwanje, kupatulira, udzudzu uli m'makutu. Adzachite ndani? Amayi ndi maondo awowa? Kapena iwe ndi zikhadabo zopakazo?"

"Tingosiya mphukira za pazitsa, achimwene. Zimenezo sizifuna munthu."

"Zimathamanga kukula, koma mtima wake ndi wowola kuchokera ku chitsa. Nkhuni basi. Ulesi wakowo upite nawo ku Riga."

Gundega anatuluka. Chikwama chake chinali chopakira kale pansi pa bedi. Sukulu anamaliza, ndipo kumzinda wa Riga kunali chipinda cha mnzake, mtsinje waukulu, ndi mnyamata woimba gitala amene anamulonjeza kuti adzamudikira mpaka masamba ataphuka. Mitengoyo ikagwa, palibe chimene chikanamugwira kuno. Ankafuna igwe. Koma akatseka maso ankaona bambo ake atawerama pakati pa zitsa, m'jekete imene anawaika nayo.

M'mawa Modris ananyamula sowo ya injini. Gundega anamutsata ndi chigubu cha mafuta. Kunali nkhungu, ndipo mitengo yoyerayo inkaoneka ngati anthu oima pamaliro amene aiwala kubalalika.

Modris anaima pa chigamba choyamba. Chinali chachikulu ngati chitseko. Anagwada, nakhudza m'mphepete mwake.

"Si zatsopano izi. Taona, masamba a chaka chatha ali pamwamba. Anapala chipale chisanagwe."

"Chisanagwe? Nthawi imeneyo sankatha n'kumanga komwe nsapato."

"Amati akupita kukapuma mpweya wabwino." Modris anapukuta dzanja pa buluku. "Mbewu ya bechi simera pa ndere. Imafuna dothi lamaliseche."

Anayenda motsata zigambazo, mbali imene mphepo imaponyera mbewu. Modris anali patsogolo, sowo ili paphewa. Zigamba zinayamba kuchepa. China ngati thireyi. China ngati mbale. Mipata pakati pake inkafupikanso, ndipo pafupi ndi chilichonse panali chitsa chimene munthu akanakhalapo kuti apume.

"Mdala wamakani," anatero Modris. "Amadziwa kuti sadzaona ngakhale tsamba limodzi."

"Ndiye mudula?"

"Ndikapanda kudula, wina ayenera kutsala. Ine ana anga ali kutsidya kwa nyanja. Ukudziwa chimene ndikunena. Usandiyang'ane choncho, sindikukupempha."

"Simukundipempha, mukungondiyimika pano."

"Nena mawu amodzi, ndiliza injini."

 Gundega anayang'ana kumsewu, kumene basi ya m'mawa inkadutsa, magetsi ake ali mbuu m'nkhungu. Anaimva mpaka inazimiririka.

Chigamba chomaliza chinali m'munsi mwa kamtunda, pamene chipale chinali chisanathe. Kukula kwake ngati chikhatho. Pambali pake panatulukira mpini wa khasu. Gundega anaukoka, chipale chinagumuka, ndipo anaona kuti pampinipo panamangidwa lamba wa bambo ake, wopindidwa kawiri n'kusiya kamphako. Zala zitakana kugwira, Visvaldis anadzimangirira khasu pamkono.

Modris anatsitsa sowo, naikhazika pa chitsa. Sanaigwirenso.

Gundega analowetsa dzanja m'kamphako ka lambayo. Ankayembekeza kuti kakhala kotayirira. Kanamukwana ndendende. Mkono wa bambo ake, umene unkanyamula chipika paphewa ngati mtolo wa udzu, unali utafika pofanana ndi wake.

Anakoka khasu kamodzi. Ndere zinafunyuka, dothi lakuda linanunkhira chinyezi.

"Kulitsa pang'ono," anatero Modris chapansipansi. "Iwo akanakulitsa."