Ulera Chiyani Wopanda Mwana?

Atelala anali ataluma mapini atatu pomwe Akalaliki, mayi wolemba mayina pawindo la kuchipatala, anatulukira pakhonde. Anati abwera kudzayesa diresi lawo, koma si diresi limene linawathamangitsa.

"Anzanga, mwana wanu uja, Kanyerere, dzulo anali pawindo langa," anatero mokweza, kuti wosoka nsapato wa khomo linalo naye amve. "Ati akufuna zakulera. Ine ndinamufunsa, 'Ulera chiyani wopanda mwana? Chidole?' Ndinamubweza. Mundithokoze."

Atelala anathokozadi, mapini akadali pakamwa, mtima ukuwira.

Kanyerere anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Dzinali anampatsa chifukwa anali kakang'ono koma konyamula mabuku oposa msinkhu wake. Mayeso omaliza kusekondale anali atatsala miyezi isanu, ndipo m'banja monsemo panalibe mkazi amene anafikapo pamenepo.

Ataweruka masana, mayi ake anamukokera m'chipinda chosokera n'kutseka chitseko.

"Wandivula pagulu iwe! Ndani wakuphunzitsa zimenezi?"

"Palibe, amayi. Vuto lake ndi limenelo."

"Ukundiyankha?"

"Mwandifunsa. Ndili ndi chibwenzi, mnzanga wa m'kalasi. Sindikubisirani. Palibe chimene tachita, koma sindikufuna kudzadziwa zinthu madzi atafika kale m'khosi." Analoza yunifolomu yasukulu ya mtsikana wina imene inali pamsomali. "Iyo mukuichita chiyani?"

"Ndikuikulitsa m'chiuno. Mayi ake akuti mwana wanenepa."

"Ndi yachingati chaka chino?"

Atelala anawerenga chamumtima. Inali yachinayi. Eni ake a zitatu zoyambazo sanaonekenso panjira ya kusukulu.

"Ana asukulu amanenepa pamimba pokha, amayi?"

Dzanja la Atelala linanyamuka, koma linathera m'mwamba. Anakumbukira yunifolomu ina ya buluu, yawo yomwe, imene mayi awo anaimasula ulusi osalankhula kanthu. Masiku amenewo anthu amawalirira mpaka lero, ati anali masiku a ulemu. Ulemu unalipodi. Misewu inali yosesa, ana ankapatsa moni ndi manja awiri. Koma ulemu womwewo unkasoka anthu pakamwa, ndipo mtsikana ankaphunzira za thupi lake m'chipinda chochirira. Amene ananenepetsa yunifolomu ya buluu ija ndi uyu anaima patsogolo pawoyu, inki ili m'zala.

"Inu munalera ine muli wamng'ono kuposa pano ndafikapa," anatero mwanayo, mawu atatsika. "Kulera kuli pawiri, amayi. Ine ndikufuna kumva za kwinako, kuti kwanuko ndidzakuyambe nditakonzeka."

M'mawa mwake Atelala anavundikira makina ndi nsalu, n'kuuza Kanyerere kuti atsogole ulendo wa kuchipatala.

"Ehee, mwabwera naye kudzapepesa?" anatero Akalaliki pawindo.

"Tabwera kwa adokotala. Lembani dzina."

"Mwana wasukulu ameneyu?"

"Cholembera chili m'manja mwanucho n'cholembera mayina. Chogamulira milandu munachiiwala kunyumba."

Anthu a pamzere anaseka chamumtima. Dzina linalembedwa.

Adokotala, mayi wa imvi zongoyamba kumene, anapempha kuti ayambe alankhula ndi mtsikanayo payekha. Atelala anakhala pabenchi panja, akupotokola tepi yoyezera imene anaiwala kuichotsa m'khosi. Mwana wako kukamba zakukhosi ndi munthu wina, iwe ukuyang'ana chitseko, si chinthu chapafupi. Koma anapirira. Patapita nthawi chitseko chinatseguka.

"Wanena yekha kuti mulowe," anatero adokotala. "Akanakana, sindikanakuitanani. Zimene munthu wandiuza muno zimathera muno."

"Adokotala, simukumupatsa mwanayu chilolezo choti azilowerera?"

"Ayi, mayi. Ndamufunsa ngati pali amene akumukakamiza, kapena munthu wamkulu amene akumunyengerera. Wati palibe. Ndamuuza kuti kudikira ndiyo njira yosalephera, ndipo akanena kuti ayi, mnyamata aliyense ayenera kumva. Koma kusadziwa sikunatetezepo mwana wa munthu. Ndamuonetsa mapiritsi, jakisoni ndi kachipangizo koika pamkono. Zimenezi zimaletsa mimba, koma matenda opatsirana pogonana siziletsa. Kondomu ndiyo imateteza ku zonse ziwiri."

"Nanga zija amanenazi, kuti wosabereka akayamba zimenezi chiberekero chimauma?"

"Bodza limenelo latilanda ana ambiri m'makalasi. Munthu akasiya amatha kutenga pakati. Jakisoni amachedwetsako miyezi ingapo, basi. Aliyense timamuyeza kaye, chifukwa matupi ndi osiyana. Mnyamatayo nayenso abwere. Mimba sapatsana munthu mmodzi."

Kanyerere anati apita kukaganiza, adzabweranso sabata yamawa. Mayi ake anamuyang'ana ngati akumuona koyamba.

"Za pawindo zija ndazimva," anawonjeza adokotala. "Pano sitibweza wachinyamata, wokwatiwa kapena wosakwatiwa, ndipo sitinyamula nkhani yake kupita nayo kumakonde a anthu. Akalaliki ndikhala nawo pansi lero lomwe."

Potuluka, Atelala anaima pawindo paja.

"Diresi lanu latha, mudzatenge. Muyeso wa m'chiuno mwanu ndimaudziwa ine, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, ndi mmene wakhala ukusinthira. Munaumvapo kwa wosoka nsapato?"

Akalaliki anayang'ana m'kaundula ngati mwalembedwa zachilendo.

Anthu analankhula, monga mwa nthawi zonse. Ena anati Atelala aononga mwana ndi manja awo. Iwo ankangopalasa makina, n'kuyankha kuti, "Pakamwa panu sipadzandilerera mdzukulu." Mayi aliyense wobwera kudzasoketsa yunifolomu yatsopano ankamufunsa asanadule nsalu: "Mwacheza naye mwanayu? Chezani naye lero, musadzabwere kuno kuti ndikulitse."

Kanyerere analemba mayeso ake onse, ndipo anakhoza. Tsiku limene zotsatira zinatuluka, anachapa yunifolomu yake n'kuipachika pamsomali uja. Atelala anaitembenuza, n'kuyendetsa chala pamsoko wa m'chiuno. Ulusi unali womwe uja anasokera zaka zinayi zapitazo, wosamasulidwapo.

Wachinyamata akafunsa za kulera, asanyozedwe ndipo asabwezedwe. Wachipatala amuuze zoona ndi kumusungira chinsinsi, kholo limumvetsere lisanakalipe. Kumasula pakamwa lero n'kopepuka kusiyana ndi kudzamasula ulusi mawa.