Khutu la Che Taibu

Mfutiyo inabwera mu Febuluwale chaka cha 2009, m'kabokosi ka pulasitiki kosweka pangodya. Manijala anaiika pa benchi ya Taibu n'kunena kuti, "Yalla, iyi ndi yako. Ndikufuna zipolopolo zikwi khumi zidutse mmenemu. Chilichonse chimene ichite, ulembe."

Taibu kwawo kunali ku Namwera. Ali mnyamata anakhalapo msilikali, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi ankasamalira nyumba ya zida. Luso limenelo ndi lomwe linamupezetsa ntchito ku Dubai, pa kalabu ina yowombera mfuti kufupi ndi Dubai Investments Park, kumene anthu ankabwera kudzaboola mapepala n'kumajambulana zithunzi. Koma chaka chimenecho, chifukwa cha mavuto a zachuma, anthu anasiya kubwera. Makireni, makina okwezera katundu aja, anali ataima pamwamba pa nyumba zosatha, ndipo basi ya kampani yochokera ku Muhaisnah, komwe ankagona, sabata iliyonse inkakhala ndi mipando ina yopanda anthu. Mfuti zakale za pakalabupo zinali zitatha mphamvu. Mwini wake anati ngati pisito yotchipayi ipirire, agula makumi atatu, Taibu n'kumazisamalira. Ikalephera, mbali ya mapisito itsekedwa.

Inali yonyansa poyamba. Tiriga yake, kachitsulo kokoka ndi chala kaja, inali youma, ndipo ukamakoka inkachita ngati muli mchenga. Sabata yoyamba inajama kasanu ndi kawiri. Taibu ankaimasula m'mawa uliwonse, kuipukuta, kusalaza pang'onopang'ono pomwe zitsulo zimakhulana, kenako n'kuyeza kulemera kwa tiriga ndi kasikelo kokolowekera. Manijala atafuna kuti ifewe kwambiri, anaikamo sipuling'i yofewa, koma mfuti inayamba kukana kulira, ndiye anabwezeretsa yakale. Zonsezi ankalemba m'kope la chikuto chobiriwira.

Mnzake wa pantchito anali Overton, Mzambia wa ku Chipata, amene ankaphunzitsa makasitomala kagwiridwe ka mfuti.

"Iwe mudala," ankatero Overton, "ako kanthu ukakonda kupambana madamu. Nizakunenera."

Madamuwo anali Zakiya, mkazi wa Taibu, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Twar ndipo ankagona komweko. Ankaonana Lachisanu kawiri pamwezi, masana, n'kukhala pa kafeteriya ina kumamwa tiyi wa mkaka mpaka nthawi yoti Zakiya abwerere. Zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati, mwana analibe. Nkhani imeneyi anali atasiya kuikamba. Masiku ena onse ankalankhulana pa foni Taibu ali m'basi pobwerera.

Tsiku lina mu Epulo, pisito itadutsa zikwi zitatu, Taibu anaona kuti china chake sichili bwino. Ukawomba n'kubweza chala, tiriga imayenera kuchita "ke", kusonyeza kuti yakonzeka kuwombanso. Nthawi zina kamawu kameneko sikankamveka. Poganiza kuti ali yekha m'holo yowomberamo, anatukula chotsekera khutu chakumanzere, n'kusendeza mutu pafupi kuti amvetsere. Nthawi yomweyo Overton, amene analowa mu mzere woyandikana naye, anawomba mfuti yaikulu yomwe ankaiyesa.

Taibu anakhala pansi. M'mutu munkangolira ngati nyenje za mu Okutobala. Anaona milomo ya Overton ikugwedezeka.

"Ndili bwino," anatero Taibu. "Usauze munthu."

Khutu lakumanja linali logontha kale pang'ono kuyambira ku usilikali. Lakumanzere ndi lomwe ankadalira. Patapita sabata kulira kuja kunachepa koma sikunathe, ndipo mawu a anthu ankamveka ngati akulankhulira m'chidebe. Sanapite kuchipatala. Miyezi imeneyo aliyense wodandaula za m'thupi ankapatsidwa tikiti yobwerera kwawo. Anaphunzira kuyang'ana pakamwa pa munthu, kugwedeza mutu, ndi kuyankha "eee" pamalo pooneka poyenera. Zakiya sanamuuze. Ankati khutu lipola, nanga kudandaulitsa munthu amene ali kale m'nyumba ya eni n'kwa chiyani?

Mu Meyi foni inalira ali m'basi, mawindo otsegula, anyamata a ku Bangladesh kumbuyo akukangana za kiriketi. Zakiya ankalankhula motsitsa, monga ankachitira madamu a panyumbapo, abwana ake, akakhala pafupi. Analankhula kwa kanthawi ndithu. Taibu anangotolapo "Che Taibu" ndi "miyezi iwiri", n'kuganiza kuti akunena za tchuthi chomwe ankakonza.

"Eee, chabwino, tidzaona," anayankha. "Koma mwamva? Lero yadutsa zikwi zinayi, sinajame ngakhale kamodzi. Tiriga ija tsopano ikuchita kuterera."

Kenako foni inaduka.

Mawa lake Zakiya sanayankhe foni. Lachisanu anangotumiza uthenga woti madamu amukaniza kutuluka. Taibu anaganiza kuti ndi mavuto a m'nyumba ya eni, poti bwana wa Zakiya naye ankamveka kuti ntchito yake ikugwedera. Anapitiriza kuwomba zipolopolo zake tsiku ndi tsiku. Patatha masabata atatu foni ya Zakiya inasiya kulowa.

Lachisanu lotsatira, atachoka ku mzikiti, anakwera basi ya ku Al Twar. Pageti pa nyumba ija panali loko, maluwa a m'miphika atauma. Anaima padzuwa mpaka geti la nyumba yoyandikana linatseguka, n'kutuluka Ruth atanyamula thumba la zinyalala. Ruth anali mayi wa ku Chilomoni amene ankalera ana pamenepo, mnzake wa Zakiya.

"Achimwene, mwabwera kudzatani tsopano?"

"Pepani, lankhulani mokweza. Zakiya ali kuti?"

"Anapita Lachiwiri. Abwana ake ntchito inatha, anyamuka onse. Madamu atadziwa kuti ndi woyembekezera anangoti khalas, basi zatha, tikiti iyi."

"Woyembekezera?"

Ruth anaika thumba pansi n'kumuyang'anitsitsa.

"Musandipusitse, achimwene. Anakuuzani yekha pa foni. Anabwera kwa ine kuseri uku akulira. Akuti zaka zonsezi akudikira, tsiku loti akuuzeni, inu mukuti tidzaona, n'kuyamba kukamba za mfuti."

Taibu anagwira chipupa. Chinali chotentha, koma sanachotse dzanja. Anafotokoza za khutu, mawu akutuluka mosalongosoka. Ruth anamvetsera, nkhope yake n'kufewa.

"Mayo ine," anatero. "Nanga bwanji osamuuza? Mkazi wanu yemwe?"

Taibu anaimba kumudzi madzulo omwewo, atadzitsekera m'chipinda chosambira pomwe panalibe phokoso, foni ataikanikiza pa khutu. Anayankha Hadijah, mkulu wake wa Zakiya. Taibu anamupempha kuti akuwe, ndipo Hadijah anakuwadi, moti nkhani yomwe imanenedwa monong'ona inachita kumveka bwalo lonse. Zakiya anafika bwino ku Lilongwe, koma pa ulendo wa basi anayamba kumva m'mimba. Anapita padera tsiku lachitatu chichokereni ku Dubai. Anali atatuluka m'chipatala, ali gone m'nyumba.

"Mpatseni foni, alamu."

"Akukana."

"Muuzeni kuti sindinamve. Khutu langa linafa."

"Ndimuuza. Koma inu bwerani, alamu. Zimenezi si za pa foni."

M'mawa Taibu anapita kwa manijala kukapempha masabata awiri. Manijala sanali munthu woipa. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Habibi, ukapita pano sindingakulonjeze kuti ubwerera. Mwini wake akungofuna chifukwa. Maliza mayesowa, mfuti zibwere, Disembala ndikupatsa mwezi wathunthu, inshallah."

Taibu anaganiza za mayi ake, za azing'ono ake awiri a ku sekondale, za nyumba ya ku Namwera yomwe inali isanafoleredwe. Anatsala. Analemba kalata ya masamba anayi n'kupatsira munthu wopita kumudzi. Yankho silinabwere.

Kuyambira pamenepo nthabwala za Overton zinatha. Ankabwera ndi chapati ziwiri m'mawa, imodzi n'kuika pa benchi ya Taibu. Tsiku lina anati, "Nine n'nakupha khutu, mudala."

"Chotsekera khutu ndinavula ndekha," anayankha Taibu.

Pa zikwi zisanu ndi ziwiri sipuling'i ina inaduka, n'kuisintha. Kamawu ka tiriga kaja sankakamvanso, koma anazindikira kuti chala chimakamva, ndipo vuto lija analipeza: kachitsulo kena kanali ndi m'mphepete mokakala. Atakasalaza silinabwererenso. Ntchito inkayenda bwino kuposa kale, ndipo zimenezo zinkamupweteka. Nthawi zina ankapezeka waima ndi magazini ya zipolopolo m'manja, akuwerengera kuti mwanayo akanabadwa mwezi uti.

Chipolopolo chomaliza anachiwomba kumapeto kwa Okutobala. Analemba lipoti loona: mfutiyo inajama ka makumi anayi ndi kamodzi, kambiri m'miyezi iwiri yoyamba, koma ikasamalidwa, ndi yodalirika. Manijala anamugwira dzanja n'kumuthokoza kuti shukran katatu.

Mwini wake sanagule ngakhale imodzi. Kumayambiriro kwa Disembala kalabu yonse inatsekedwa, mfuti zonse n'kutengedwa ndi akuluakulu oona za zida. Overton anapeza ntchito yolondera nyumba yosungira katundu. Taibu anapatsidwa tikiti yake.

Anafika ku Namwera mvula ili mkati. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pakhonde pa Hadijah, ndipo Zakiya anatuluka atafunda mpango wakuda, ataonda. Amalume ake atayamba kulankhula, iye anawadula mwaulemu, n'kusendera pafupi ndi Taibu kuti Taibuyo azimuona pakamwa.

"Che Taibu, kalata yanu ndinawerenga. Za khutu ndakhulupirira, ndipo pepani. Tsiku lija ndinakulakwirani, ndikanabwereza." Anapuma. "Koma mu Juni munamva. Achemwali anakuwa, anthu onse pano anamva. Ndinagona m'nyumba umu miyezi iwiri ndikumvetsera galimoto iliyonse."

"Ndinkaopa ntchito," anatero Taibu. "Ndinkati ndikataya..."

"Ndikudziwa. Sindikuti ndinu oipa."

Ankhoswe anayesa. Anakumana kawiri, kachitatu anaitana shehe. Zakiya sanakweze mawu, sanatukwane, koma sanasinthe. Ukwati unatha Ramadani isanafike.

Taibu anakhoma kabenchi pamsika, n'kumakonza maloko, mapampu opopera mbewu ndi makina osokera. Anthu ankati ali ndi manja abwino, kungoti uyenera kumukuwira. Zakiya anasamukira ku Liwonde kwa msuweni wake. Patapita zaka ziwiri Taibu anamva kuti anakwatiwa ndi mphunzitsi wina ndipo ali ndi mwana wamkazi. Amene anabweretsa nkhaniyo anali mayi wogulitsa tomato, ndipo anainena katatu, mokweza, poganiza kuti sanamve. Taibu anati, "Alhamdulillah," n'kufunsa dzina la mwanayo. Mayiyo sankalidziwa. Tsiku limenelo anatseka benchi dzuwa likadali pamutu.