Dzino la Nsungwi

Inali semifainolo ya basiketibolo ya atsikana a m'makoleji, ndipo ogonja amapita kwawo. Nsungwi, kaputeni wathu, atalumphira mpira, mtsikana womutchinga adamukantha chigongono pakamwa, dzino n'kuthyoka.

Lamulo limati wotuluka magazi achoke m'bwalo, koma wamtali wina tinalibe. Nsungwi adameza dzinolo, natseka milomo kuti woyimbira asaone.

Womutchingayo adadziwa.

"Bwanji duu, chemwali? Tasekani tione kukongola!"

Adamuponda chala, kenako adamutsina m'nthiti. Nsungwi adapirira, namwetsa zigoli kawiri. Atamukoka tsitsi, Nsungwi adatembenuka n'kumulavulira magazi onse m'maso.

Woyimbira adamutulutsa Nsungwi pomwepo. Mipira yonse ya m'mwamba idakhala ya timu inayo, ndipo tidagonja.