Nyimbo ya Fakitale Yotsekedwa

Ba Dunstan Mpundu ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina kuseri kwa msewu wa Cairo. Kale anali wa zamagetsi pakampani ya mabasi ya boma, ndipo ali mnyamata ankaimba gitala m'gulu lina la ku Kabwata limene mbiri yake sinapitirire Matero. Kampani ija itatsekedwa, m'zaka zimene boma linkagulitsa makampani, iwo anangotsala ndi bokosi la zipangizo.

Tsiku lina m'chaka cha 2003 kunabwera mayi wina wa ku Woodlands, dzina lake Salifyanji, atanyamula wailesi ya m'galimoto. Chimbale chinali chitakanirira m'kati.

"Ba tate, chimbalecho musachiswe," anatero mayiyo. "Ni cha amuna anga, anabwela nacho ku Amereka."

Atakonza, Ba Dunstan analumikiza sipikala kuti ayese. Munatuluka magitala awiri akulandizana mawu, lina likulira mokoka ngati munthu wodandaula, kenako mawu amanzenene a mwamuna. Ba Dunstan anaika pansi sikuludiraiva.

"Awa ndi ndani?"

"Anyamata a kummwera kwa Amereka, ku Alabama uko. Akuti kwawo nyimbo iyi imalila m'galimoto iliyonse. Ine imangonisokosa."

Ba Dunstan anaibwereza kawiri, akutchera khutu ku Chingerezi chokokacho. Inali nyimbo ya fakitale ya nsalu imene inatsekedwa m'katauni kena, ndi amuna awiri amene anagwira makina amodzi zaka zambiri. Tsopano akakumana m'sitolo, aliyense ankayang'ana kumbali ngati akufunafuna katundu. Ba Dunstan anapempha kuti aijambule pakaseti, mayiyo n'kuvomera.

Ba Dunstan nawonso anali naye munthu wotero. Wilbroad Chibwe ndiye ankaimba ng'oma m'gulu lija, ndipo pakampani ankagwira ntchito benchi imodzi. Mndandanda woyamba wa ochotsedwa utatuluka, dzina la Wilbroad linalipo, la Dunstan panalibe. Ba Dunstan anatsalabe miyezi isanu ndi umodzi yokha, koma manyazi a miyezi imeneyo anawamanga miyendo. Sanapite kukamuona mnzawoyo ku Chelstone. Atamva kuti wadwala sitiroko anati apita Lamlungu, ndipo Lamlungu limenelo linatha zaka zinayi.

Tsiku limene anamva nyimboyo, atafika kunyumba anatsitsa gitala pamwamba pa wadiropu, n'kugula nsambo zatsopano ku Kamwala. Kulira kokoka kuja kunawavuta. Anayesa kukankha nsambo, anayesa kunjenjemeretsa chala, koma osafika. Sabata yachiwiri ndi pamene anazindikira kuti woimbayo ankatsetsereza chinthu chosalala pansambo. Anadula khosi la botolo, nalipala pasimenti, n'kulivala kuchala. Gitala linalira.

Lamlungu masana anakwera minibasi ya ku Chelstone, gitala lili pakati pa miyendo. Anawatsegulira geti ndi Muriel, mkazi wa Wilbroad, amene anawayang'ana kanthawi ndithu.

"Ba Mpundu, mwasokela?"

"Iyayi, mulamu. Ndabwera."

Wilbroad anali pampando pansi pa mtengo wa mapeyala, dzanja lamanja lili gone pamwendo. Anali ataonda, mlomo utapendekera mbali imodzi.

"Shani, mune," anatero Ba Dunstan, kupereka moni kwa mnzawoyo m'Chibemba.

Wilbroad anangogwedeza mutu. Mawu onse amene Ba Dunstan anakonza m'minibasi anabalalika. Anakhala pasitulo, navala khosi la botolo lija, n'kuyamba kuimba. Mawu a nyimbo sanawatchule, ankangong'ung'udza. Ali chapakati anamva kugogoda. Linali dzanja lamanzere la Wilbroad likumenya thabwa la mpando.

"Wathamanga," anatero Wilbroad, lilime likulemera. "Kuyambira kale umathamanga. Yambanso."

Anayambanso, tsopano akutsata dzanjalo. Atamaliza, Wilbroad anafunsa kuti nyimboyo ikunena chiyani. Ba Dunstan anafuna kungoti ndi ya fakitale basi, koma anafotokoza zonse, mpaka za amuna awiri aja a m'sitolo.

Wilbroad anayang'ana nkhuku za Muriel.

"Ndiye kwa azungu nakonso ziliko," anatero. Kenako anatembenuka. "Za mndandanda zija sindinakusungire kanthu. Sunalembe ndiwe. Chimene chinandiwawa n'chakuti geti ili limatseguka tsiku lililonse, koma wolowa sanali iwe."

Ba Dunstan anaweramitsa mutu, n'kumapukuta nsambo ndi mpango ngakhale zinali zoyera kale.

"Ndinalakwa, mune."

"Eya, unalakwa. Koma m'nyimboyi pali pena pakati paja ukudumpha. Bwera ndi kasetiyo ndimve ndekha."

Anabwera nayo Lamlungu lotsatira. Anatsutsana za malo odumphawo mpaka tiyi anazizira, ndipo wolondola anali Wilbroad. Kuyambira pamenepo Ba Dunstan ankapita ku Chelstone Lamlungu lililonse, kupatula pamene mvula yakula. Anakumbutsana nyimbo zawo zakale, zina n'kuzipeza, zina zitatayikiratu. Wilbroad anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri ndi theka. Pamaliro ake Muriel anapempha kuti kumanda kuimbe kwaya ya mpingo yokha, ndipo Ba Dunstan anaona kuti n'zoyenera. Anaima kumbuyo pamodzi ndi anzawo akale a pakampani ya mabasi, amene ambiri anali asanaonane nawo chitsekereni kampaniyo, n'kumafunsana kumene aliyense akukhala tsopano.