Mphukira za Apongozi

Mphepo ya tsiku limenelo sinali yoti n'kugwetsa kanthu, koma nthochi zinagwa, ina ndi mkoko wake womwe. Mwini munda, amene anthu ankamutchulabe kuti a Dalaivala ngakhale anasiya kalekale kuyendetsa lole, anatenga chikwanje n'kung'amba chitsa cha imodzi. M'kati munali mauna akuda okhaokha, mphutsi zoyera za mitu yofiira zili nyakanyaka.

Mlangizi wa zaulimi atabwera sanazungulire.

"Uyu ndi nankafumbwe wa nthochi, bambo. Amaikira mazira m'tsinde, ana ake n'kumadya chitsa. Zulani munda wonse, zitsazo muziduledule ziume padzuwa. Mphukira za muno zisapite kwa munthu."

Mphukira zinali zitapita kale. Dzinja lapitalo a Dalaivala anapatsa mkamwini wawo ngolo yodzaza nazo, uku akumuseka kuti amagwira khasu ngati cholembera. Kwa masiku angapo ankangozungulira pakhomo, chakudya osachikhudza.

"Lole yodzaza munkaibweza m'mbuyo pamlatho," anatero akazi awo. "Lero mukuopa mwana?"

Ananyamuka. Atafika kwa mwana wawo wamkazi, anapeza kuseri kwa nyumba kuli mbee. Nthochi zonse zinali zitazulidwa, zidutswa za zitsa zitayanikidwa m'mizere. Mkamwini anatuluka m'khola la nkhuku, anapukuta manja, n'kunjuta chapatali.

"Mphutsizi munaziona liti?" anafunsa a Dalaivala.

"Mwezi watha, bambo."

"Osandiuza bwanji?"

"Pakamwa panalemera. Ndikanayamba bwanji kunena kuti mphatso yanu yabwera ndi chilombo?"

A Dalaivala anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Anatola kachidutswa kouma n'kukafikisa ndi zala mpaka kanasanduka ufa.

"Ndiye kuti zanga zakhala zikudyeka mwezi wonsewu chifukwa cha ulemu," anatero motsitsa mawu. "Ulemu wotere, mwananga, umagonetsa anthu ndi njala."

Mkamwini anazyolika. Mkazi wake, ataima pakhomo mwana ali kumsana, ankangoyang'ana bambo ake, kenako mwamuna wake.

M'mawa mwake mkamwini anafika kwa apongozi ndi makasu ndi anzake a kuntchito. Anayambira kumunsi kumene nthochi zinali zofiirira masamba. Atafika pa phata lakale, limene a Dalaivala anabzala chaka chimene anamanga nyumba, onse anaima. Mkuluyo anavula chipewa, anachipachika pa nthambi ya mango, n'kutema yekha.